UMBONI WANGA: MASIKU 14 NDI APP YOSAPSA

Lero ndilemba zambiri, ndiye amene data yanu yatsala pang'ono mundikhululukire. Koma werengani mpaka kumapeto, chifukwa muli chinthu chimene ndakhala ndikukubisirani.

Masabata atatu apitawo, titaweruka ku mapemphero a Lachitatu, mnyamata wathu wina ananditsatira mpaka pageti. Dzina sinditchula, ena mwamudziwa kale. Iye ndi anzake awiri akupanga app yomvetsera mabuku pafoni. Munthu wina amawerenga buku mokweza, amamujambula mawu, inu n'kumangomvera mukuyenda kapena mukuchapa. Anati, "Abusa, tikufuna anthu oyesa, app ili pa beta." Ndinati beta n'chiyaninso mwana wanga? Anati, "Ndi ndiwo zoti zikadali pamoto, inu mungotilawira mchere."

Anandifotokozera kuti munthu amene wangotsegula kumene akaunti yake yopangira ma app, Google samulola kuika app yake poyera pa Play Store mpaka anthu osachepera 12 atakhala akuiyesa masiku 14 otsatizana. Poyamba ankafuna anthu 20, anachita kutsitsa. Anyamatawa anali atapeza 11. Wa 12 ndinali ine. "Chonde Abusa, musatulukemo masiku asanakwane." Ndinavomera ngati mbusa wolimbikitsa ana ake. Chifukwa china chimene ndinavomerera mwachangu sindinamuuze, muchimva kutsogoloku.

Ananditumizira link pa WhatsApp, ndinalowa ndi Gmail yanga, app n'kutsika. Funso langa loyamba linali la Mmalawi aliyense: idya data yochuluka bwanji? Anandiwerengera kuti ola limodzi la mawu omveka bwino limadya pafupifupi 29 MB, koma mukasankha mawu otsikirako limadya theka lake. Ndiye nzeru ndi kutsitsiratu machaputala usiku ndi bundle yotchipa, masana n'kumamvera data itazimitsidwa.

Mabuku a Chingerezi anawatenga ku LibriVox, gulu limene linayamba mu 2005, la anthu ongodzipereka amene amawerenga mabuku akale oti aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Ine ndinasankha The Pilgrim's Progress la John Bunyan, lomwe linatuluka mu 1678. Bamboyu ntchito yake inali yokonza mapoto ndi maketulo, ngati anzathu okhoma zidebe kumsika aja. Sukulu ya ubusa sanapiteko. Anakhala m'ndende ku Bedford zaka 12 chifukwa chokana kusiya kulalikira popanda chilolezo. Ine amene ndinalekezera Fomu 4 ndipo ubusa ndinauphunzira pamaondo, munthu ameneyu ndinamumva ngati mbale wanga. Buku lake ndinaligula kalekale pa ma vendor, koma Chingerezi chake n'chakale, ndinalisiya pa tsamba lachisanu. Pa app pali batani lochepetsa liwiro la wowerenga. Nditamuchedwetsa pang'ono mzungu uja, aaa, nkhani inayamba kulowa. Munthu ali ndi katundu kumsana, akuthawa mzinda wake, wagwera m'matope. Ndinaphonya siteji yanga pa minibasi.

Kenako ndiwo zija zinayamba kuonetsa kuti sizinapse.

Foni ikalira, app imabwerera poyambira chaputala. Tsono inu mukudziwa foni ya mbusa. Wina mwana watentha thupi, wina bambo sanagone pakhomo, wina akungofuna kunena kuti Amen. Tsiku lachisanu ndinamva chiyambi cha chaputala chimodzi kanayi. Ndikaika foni m'thumba, screen ikazima, pakapita mphindi zochepa mawu zii. Ndinapsa mtima, abale. Chala chinafika pa uninstall. Ndinakumbukira kuti ndine wa 12, ndinachibweza, koma m'malo mwake ndinamutumizira mnyamata uja voice note yoti lero ndikaimvera ndimachita manyazi. Ndinamuuza kuti asamatayitse anthu akuluakulu nthawi ndi zidole.

Yankho lake linabwera cha m'ma 2 koloko usiku. Sanadandaule ngakhale pang'ono. Anangofunsa kuti, "Abusa, foni yanu ndi yamtundu wanji, Android yake ndi nambala chani, ndipo mumachita chani penipeni pamene inaima?" Anati dandaulo langa ndi limene amalifuna, chifukwa anzake 11 aja amangolemba kuti zili bho poopa kumukhumudwitsa. Zinapezeka kuti mafoni ambiri otchipa amatseka okha app imene ikugwira ntchito screen itazima, pofuna kusunga batire. Anandionetsa pochotsera zimenezo. Patapita masiku awiri kunabwera update, vuto la kulira kwa foni linatha. Lamlungu ndinamuitanira pambali n'kumupepesa. Ine ndimalalikira kuti Mulungu sanamalize nafe, koma mwana wa mumpingo mwanga ndinalephera kumupirira masiku asanu.

Ena mufunsa kuti nanga Baibulo lilimo? Ayi. Anati sangangotenga zomasulira ndi mawu a eni ake popanda chilolezo, ndipo ndinamuyamikira pamenepo. Baibulo lomvetsera lilipo kale pa ma app ena monga Bible.is. Za Chichewa zimene zilimo pakadali pano ndi ziphunzitso zifupizifupi zimene analemba okha, ndipo akuyesa kuti aziwerenga ndi makina. Apa ndiye pali ntchito. Makinawo sadziwa kuti mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba mofanana koma potchula mawu amakwera mosiyana. Akafika pa ng'ombe amatchula ngati mzungu amene watsika ndege dzulo.

Ndiye tafika pa nkhani ija.

Mayi anga akukhala nafe kuchokera pamene ng'ala inawavuta m'maso, tikudikira tsiku lawo la opaleshoni. Mayi amenewa sukulu sanapite nayo patali, koma Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922, aliwerenga moyo wawo wonse mpaka chikuto chinachita kusokedwa ndi ulusi. Pano sangathenso. Usiku wa tsiku la 9 ndinati ndiwasangalatse. Ndinalumikiza foni ku kasipika, ndinawaikira chiphunzitso cha Chichewa chija. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu kwawo n'kuti?" Kenako app inaima yokha pakati pa chiganizo. Ndili kalikiliki kudinadina, anandigwira mkono.

"Bambo, kodi pakamwa panu pamafunanso chaja? Ndabwera pano miyezi inayi. Mpingo wonse mumaudyetsa Mawu, ine simunandiwerengerepo ngakhale vesi imodzi."

Mayi busa anali pakhomo la kukhitchini, anangoyang'ana pansi. Ndinatenga Baibulo la amayi lija, ndinatsegula Masalimo. Zilembo zinali ngati nyerere zomwazikana. Ndinalitalikitsa, ndinasendera pansi pa babu, osatheka. Amayi saona, koma anamva kuti ndikudodoma pa salimo loti ndimalidziwa. Anati, "Maso ayamba eti?"

Abale, ayamba chaka chatha. Inu mwakhala mukundiona paguwa ndikunena kuti "mlongo tatiwerengereni vesi imeneyo," mumayesa ndi kalalikidwe. Anali maso. Ndinkaopa kuti munthu amene amasanjika manja pa odwala akavala magalasi, anthu adzati mphamvu zatha. App ija ndinailandira ndi manja awiri chifukwa ndinaona pobisalira: ndizingomvera, wina asadziwe. Ndinawauza amayi zonsezi. Iwo anati, "Malemu bambo anu anavala magalasi pa msinkhu wanu womwewu, ndipo Mulungu sanawathawe."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbukira kuti Paulo, amene nsalu zochokera pathupi pake zinkachiritsa anthu, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Onani 2 Timoteo 4:20. Ndinakumbukiranso kuti anthu ambiri a m'Baibulo Mawu ankawalandira ndi khutu. Pa Nehemiya 8, Ezara anawerengera khamu kuyambira m'mawa mpaka masana. Pa Machitidwe 8, Filipo anachita kumumva mdindo wa ku Itiyopiya akuwerenga Yesaya m'galeta, kusonyeza kuti ankawerenga mokweza. Chivumbulutso 1:3 chimadalitsa wowerenga pamodzi ndi omvera. Ndiye kumvetsera si tchimo, ndipo app ndiipitiriza. Changa chinali chakuti ndinafuna makina agwire ntchito yanga kwa mayi ondibereka, kuti ulemu wanga paguwa usachepe.

Lachisanu lake ndinapita kokayezetsa maso. Dokotala anati si matenda oopsa ayi. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, sikathanso kusintha bwino kuti kaone zapafupi. Anandilembera magalasi owerengera a +1.50. Nditawavala ndinaona ngakhale timalemba tating'ono ta m'munsi mwa tsamba timene ndinali nditaiwala kuti tiliko. Aleluya! Kupemphera sindinasiye, ndipo Yehova wochiritsa sanasinthe. Koma ngati muli ndi zaka ngati zanga ndipo meseji mukuiwerenga mutatambasula mkono, pitani akakuyezeni.

Masiku 14 anakwana sabata yatha, onse 12 tikadalimo, ndipo anyamata apereka pempho lawo kwa Google. App ikumaimabe nthawi zina mukailumikiza ku sipika, ndawauza kale, ulendo uno mwaulemu. Makina owerenga Chichewa aja agwirizana zowachotsa, akufuna mawu a anthu enieni. Ndiye amene mumawerenga Chichewa mosadodoma, makamaka amayi ndi abambo achikulire, tikumane kutchalitchi Loweruka 9 koloko m'mawa, kusanayambe phokoso la praise team. Akajambulira m'kachipinda ka Sunday school.

Lamlungu mudzandiona nditavala magalasi. Mukhoza kuseka, koma kamodzi kokha. Pano ndikusiyani kaye, amayi akundiitana. Dzulo tinalekezera Luka chaputala 9, ndipo andichenjeza kale kuti ndikumathamanga.