M'dimba lofoleredwa ndi pulasitiki ku Bvumbwe

Mukatsika minibasi pa Bvumbwe mwezi wa February, msika umakuuzani wokha kuti dzinja lafika pachimake. Kabichi ali mbwee, mpiru ndi chayinizi zadzaza madengu, karoti wamangidwa m'timitolo, koma tomato akusowa. Timilu take ndi tating'ono, wina ali ndi mawanga akuda kumutu, ndipo mtengo wake ogula akuyamba aimirira kaye asanatulutse ndalama. Chimene chimapha tomato wa dzinja kuno ndi chiwawu. Dera lino ndi lokwera, mamita opitirira 1,000, ndipo masamba akagona onyowa usiku wonse nthendayi imapsereza munda m'masiku owerengeka. N'chifukwa chake mabanja ena ayamba kumanga kuseri kwa nyumba zawo tinyumba ta pulasitiki tolimamo mbewu, timene ambiri amangoti greenhouse.

Khomo limene ndinkapitalo lili kumunsi kwa msewu wa ku Thyolo. Njira yake ndi ya dothi lofiira loterera, imadutsa m'chimanga chomasula ngayaye ndi pansi pa mitengo ya mapeyala. Mwini khomo, mayi wachikulire ndithu, anandichingamira ali ndi kheni m'manja. Titalonjerana anati, "Tiyambire pa imene inagwa, bambo, kuti mukamaona zinazo muzidziwa kumene tinachokera."

Yogwayo ili pafupi ndi khola la nkhuku. Zatsala ndi nsungwi zopindidwa ngati uta, zina zitathyokera pansi pomwe chiswe chinadya, ndi nsanza za pepala zolendewera. Ndinatola kachidutswa, kanafumbutuka m'zala. Linali pepala wamba loyera, mtundu wa lija timayala pansi pa udzu pofolera nyumba. Wogulitsa wina m'tauni anawatsimikizira kuti ndi lomwelo limene amagwiritsa ntchito alimi akuluakulu. Mayiwo analikuta mu August, ndipo dzuwa la October ndi November litadutsa linali litayamba kale kung'ambika mmene munadutsa nsungwi. Pulasitiki wamba alibe mankhwala omuteteza ku cheza cha dzuwa chotchedwa UV, chimene chimadula timinyewa take mpaka aume n'kusweka. Pansi pa udzu amakhalitsa chifukwa dzuwa silimuona. Pabwalo sangathe chaka.

Ndinaima pamenepo kanthawi, chifukwa nkhani yonse ya kusankha yagona pa kachidutswa kameneka. Pepala lenileni la greenhouse limakhala lochindikala ma micron 180 kapena 200, lothiridwa mankhwala a UV, ndipo likasamalidwa limatha zaka 3 mpaka 5. Zimenezi zimalembedwa pa chizindikiro cha mpukutu, nthawi zina pa pepala penipeni. Ndi maso okha simungasiyanitse msanga labwino ndi lachabe, onse amawala mofanana ali atsopano. Munthu wogula lotchipa amadzagulanso, ndipo pakati pa kugula kuwiriko amatayanso mbewu, feteleza ndi nyengo yathunthu.

Yachiwiri ili chakumtunda pang'ono, ndipo ikugwirabe ntchito. Mafupa ake ndi mitengo ya bulugama, yokhomedwa ndi kalipentala wa m'mudzi momwemo, matsinde ake atawakhazika mu simenti kuti chiswe chisafike msanga. Pepala lake ndi lenileni. Titangolowa, thukuta linayamba kutsika, ngakhale kunja kunali mitambo. Denga lake ndi lalifupi, munthu wamtali angaligunde ndi dzanja. Mayiwo anandionetsa m'mbali momwe munali mizere ya misomali yakale.

"Poyamba tinatseka ndi pepala mpaka pansi, monga tinkaonera pa zithunzi za pa Facebook. Tomato anakula bwino, masamba biriwiri, koma maluwa ankangoyoyoka. Tinadzang'amba m'mbalimu n'kuikamo neti."

Apa m'pamene ambiri amasokera, ndipo zimandipweteka chifukwa ndi ndalama za anthu osauka zimene zimapita. Zithunzi zambiri zimene timaona ndi za ku Britain ndi maiko ena ozizira, kumene mdani wa mlimi ndi chisanu, ndipo nyumbayi amaimanga kuti isunge kutentha. Kwathu kuno kutentha tili nako kokwanira. Nyumba yathu iyenera kukhala ambulera: itchinge mvula pamwamba, mpweya uziyenda momasuka m'mbali. Kutentha kukamapitirira madigiri 32 masana, mungu wa tomato umafooka, duwa limagwa lisanabale. Nyumba yotsekedwa mbali zonse imadutsa pamenepo mosavuta m'mwezi wa October, ngakhale kuno ku Bvumbwe kozizira. Nanga ku Chikwawa kapena ku Salima? Kumeneko munthu aganize kawiri, mwina neti ya mthunzi ingamuthandize kuposa pepala. Ku Dedza ndi ku Tsangano, kumene June ndi July amaluma, pepala la m'mbali lopinda ndi kutsitsa lili ndi ntchito. Koma kulikonse m'dziko muno, denga likhale lalitali, mamita 3 kapena kuposa pakatikati, kuti mpweya wotentha ukwere kutali ndi maluwa.

Neti nayo si iliyonse. Ya udzudzu yogona nayo imaola padzuwa, ndipo si yolimira. Yofunika ndi ya mabowo aang'ono kwambiri, imene ogulitsa amaitcha 50 mesh, yoletsa ntchentche zoyera zija zimafalitsa matenda opiringiza masamba. Imathandizanso pa kagulugufe ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kanaoneka ku Spain mu 2006 n'kufika kum'mwera kwa Africa cha m'ma 2016. Mphutsi zake zimaboola masamba ndi zipatso, ndipo alimi a tomato m'dziko muno akuzidziwa bwino. Neti yothinayo imachepetsa mphepo yolowa, choncho mbali zonse ziwiri zikhale za neti kuchokera m'mawondo mpaka pamene denga layambira.

Yachitatu ndi imene mayiwo amanyadira. Ndi yaing'ono kuposa ya bulugama ija, mamita 4 m'lifupi ndi 8 m'litali, koma mukaikankha ndi phewa siigwedera. Mauta ake ndi mapaipi achitsulo okutidwa kuti asachite dzimbiri, aja amati galvanised, otalikirana mita imodzi ndi theka, opindidwa ndi wowotcherera zitsulo wa ku Limbe. Pamwamba padutsa paipi yaitali yolumikiza mauta onse, ndipo m'makona muli zitsulo zopingasa. Mdzukulu wawo, mnyamata wa ku sekondale, anandigwira dzanja kuti ndikhudze pamene pepala lakumana ndi chitsulo. Panali kansalu kofewa komatidwa pa paipi yonse. Chitsulo chikatentha ndi dzuwa chimawotcha pepala, ndipo ng'ambo yoyamba imayambira pomwepo. Amene alibe tepi yogula amakulunga nsanza zoyera kapena kupaka penti yoyera ya madzi. Mapaipi a PVC, amene ena amawakonda chifukwa chotchipa, amawononganso pepala akakhudzana nalo, komanso amagonja mphepo ikakula.

Tinazungulira kunja. Pepala latambasuka kolimba, mukaligogoda limalira. Analikuta masana kukutentha, pamene pulasitiki amafewa n'kutamuka, kuti kukazizira akokeke yekha. Mbali ya kumunsi anaikwirira mu ngalande yakuya masentimita 30 n'kupondera dothi. Chitseko sichinayang'ane kum'mwera chakum'mawa, kumene kumachokera chiperoni, chifukwa mphepo ikalowa pakhomo n'kusowa potulukira imanyamula denga lonse. Mayiwo anakumbukira namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anasakaza Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi maboma ena a kum'mwera. Pa nyumba ya bulugama ija, denga lake pokhala lophwatalala, madzi anadikha pa pepala mpaka mtanda umodzi unathyoka. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye taganizani chithaphwi cha ndowa zingapo chili pamutu pa mtengo woonda. Denga la uta silisunga madzi ngati pepala lakokedwa bwino.

M'kati munali bata ndi fungo la masamba a tomato. Mitengo yake, ya mtundu wosaleka kukula, yakwera pa zingwe mpaka kupitirira mutu wanga, mikoko ya zipatso ikupsa kuyambira pansi. Masamba onse ouma, opanda banga, pamene kunja mvula inali itayamba kuwaza. Mnyamata uja ankayenda m'mizere akugwedeza zingwe pang'onopang'ono. Muno mulibe mphepo yokwanira kapena njuchi zogwedeza maluwa, choncho mungu umafuna dzanja la munthu m'mawa uliwonse.

Chinandidabwitsa n'chakuti tomato yense anali m'matumba, osati m'nthaka. Mayiwo anafotokoza kuti m'nyumba yachiwiri ija, atabwereza tomato pamalo amodzi, mitengo inayamba kufota masana ili yobiriwira. Mlangizi wa zaulimi anadula tsinde, analiviika mu tambula ya madzi oyera, ndipo munatsika utsi woyera ngati mkaka, chizindikiro cha nthenda yofotetsa yoyamba ndi mabakiteriya, imene imakhala m'nthaka zaka zambiri. Nyumba siisuntha, ndiye matenda a m'dothi ndi tinyongolotsi totupitsa mizu zimachulukana. Tsopano m'nyumba imeneyo amasinthanitsa ndi letesi, anyezi ndi zitheba, osati tsabola kapena mabiringanya, chifukwa ndi a banja limodzi ndi tomato. Wogulitsa pepala sangakuuzeni zimenezi.

Kunja kwa chitseko kuli thanki pa nsanja, ndi timapaipi todontheza madzi pa tsinde lililonse. Munthu amaiwala kuti pansi pa denga sipagwa mvula, ndipo ngakhale mu January ayenera kuthirira. Tomato wamkulu wobereka amamwa lita imodzi kapena awiri patsiku. Amene alibe chitsime kapena mpopi wodalirika ayambe wakonza za madzi asanagule paipi ndi imodzi yomwe.

Za ndalama tinakambira pakhonde, mvula itakula. Pepala ndi neti zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zinakwera, ndipo mtengo womwe munamva chaka chatha sungakuthandizeni lero. Maganizo a mayiwo, amene ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndi akuti pochepetsa ndalama muchepetse kukula kwa nyumba, osati ubwino wa pepala. Ya mamita 3 ndi 6 imakwana mitengo ya tomato pafupifupi 40, yokwanira ndiwo za banja ndi kadengu kogulitsa. Mafupa a bulugama wouma bwino, osalazidwa kuti asabaye pepala, angagwire ntchito zaka zingapo ngati zitsulo zadula. Chitseko mungakhome nokha. Mpukutu wa pepala mungasonkherane ndi anansi n'kugawana. Anachenjezanso za mitengo yopakidwa phula lakuda loteteza chiswe, kuti nthunzi yake imawononga mbewu, komanso kuti mankhwala opopera okhala ndi sulfure amafupikitsa moyo wa pulasitiki akamamugwera kawirikawiri.

Inu amene mukuganiza zomanga yanu chaka chino, pitani kaye mukaone nyumba imene yadutsa madzinja awiri m'dera lanu, mukalowemo masana dzuwa lili paliwombo. Mukafika kwa wogulitsa, muuzeni akuonetseni chizindikiro cha mpukutu pamene palembedwa ma micron ndi UV, ndipo zaka zimene akulonjeza azilembe pa lisiti. Akakana, musagule.