Kukonza chipinda chotuluka cha kalavani ku Cannington

Chipinda chotuluka ndi gawo la khoma la kalavani, kapena la galimoto yogonamo, lomwe limasunthira kunja galimoto ikaima n'kubwerera mkati ikamanyamuka. Eni ake ndi amisiri omwe amangoti slide-out. Chinabwera chifukwa cha malamulo a pamsewu: mwachitsanzo, ku Australia galimoto wamba kapena ngolo yake siloledwa kupitirira mamita 2.5 m'lifupi, pamene anthu amafuna bedi lalikulu ndi malo oti awiri n'kudutsana osagundana. Opanga anaboola khoma n'kulowetsamo bokosi loyenda ngati dirowa ya kabati. Koma dirowa imeneyi imasenza bedi, mipando, nthawi zina filiji ndi chitofu, ndipo iyenera kutsekereza mvula ndi fumbi ngakhale itagwedezeka ulendo wa masabata.

Cannington ili kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Perth, kufupi ndi mtsinje wa Canning. Ambiri amaidziwa chifukwa cha masitolo a Westfield Carousel ndi malo ogulitsira galimoto amene andanda m'mbali mwa msewu wa Albany Highway. Pafupi pomwepo pali Welshpool ndi Kewdale, madera a mafakitale ndi magalaja. Ntchito ya zipinda zotuluka imayendera nyengo. Mu Epulo ndi Meyi anthu opuma pantchito, amene kumeneko amatchedwa grey nomads, amakonzekera kuthawa chisanu cha ku Perth kupita kumpoto, ku Exmouth, kapenanso ku Broome komwe ndi mtunda wopitirira makilomita 2,000. Pobwerera, cha mu Seputembala ndi Okutobala, makalavani amakhala atafiira ndi fumbi. Amene adutsa Gibb River Road, msewu wa makilomita pafupifupi 660 wa m'chigawo cha Kimberley umene mbali yake yaikulu ndi yadothi, amadziwika mmisiri asanafunse: masikuluu amakhala atamasuka ponseponse.

Makina osunthira chipindachi alipo a mitundu ikuluikulu inayi. Woyamba ndi wa mikono yachitsulo yamano yomwe imakhala pansi pa chipinda, giya ikazungulira mkono n'kumatuluka. Wachiwiri ndi wa zingwe zachitsulo, monga Accu-Slide wa BAL, umene uli ndi zingwe zisanu ndi zitatu, zinayi zokokera kunja ndi zinayi zokokera mkati, zonse zoyendetsedwa ndi mota imodzi yobisika pamwamba pa chipinda. Wachitatu ndi wa oyilo wopopedwa, wopezeka m'magalimoto akuluakulu. Wachinayi, womwe opanga amaukonda chifukwa chopepuka, ndi Schwintek wa kampani ya Lippert ya ku Elkhart, m'boma la Indiana ku America. Uwu ndi umene umadzaza galaja, ndipo ndi umene umasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongonyamula bokosi la masipanala.

Za fyuzi, swichi ndi mawaya omasuka n'zodziwika kwa aliyense. Chofunika kutchula ndi batire. Makinawa amayendera magetsi a mavoti 12, ndipo batire lofooka limayatsa nyale bwinobwino koma n'kugwa mota ikangoyamba kukoka. N'chifukwa chake limayezedwa chipinda chikuyenda, osati chili chiimire. Kalavani iyeneranso kuima molingana mbali zonse isanakhudzidwe. Timiyendo ta m'makona ndi toletsa kugwedera basi. Mwini akatisandutsa jeke, thupi la kalavani limapotoka, khomo la chipinda limapotoka nalo, ndipo chipinda chabwinobwino chimakakamira.

Schwintek imagwira ntchito motere. Kumbali zonse ziwiri za chipinda kuli njanji za aluminiyamu zamano, ina m'mwamba ina m'munsi. M'mphepete mwa khomo muli mzati mbali iliyonse, ndipo pamwamba pa mzatiwo pali mota yaing'ono imene imazunguza shafuti yoimirira yokhala ndi magiya awiri oluma njanjizo. Mota ziwirizi sizilumikizana ndi chitsulo chilichonse. Chimene chimazigwirizanitsa ndi kabokosi ka magetsi kamene kamawerenga kuzungulira kwa mota iliyonse kudzera mu sensa ya Hall, n'kumachepetsa liwiro la imene yatsogola. Chipinda chikafika kumapeto mota zimaima mokakamizika, mphamvu imene zikukoka imakwera, ndipo kabokosiko kamayambiranso kuwerenga. Mwini wa phuma, wochotsa chala pa swichi chipinda chikangooneka kuti chafika, amalanda kabokosiko mpata umenewu. Pakapita nthawi mbali imodzi imatsalira, chipinda n'kumatuluka chopendeka.

Mankhwala a vuto limeneli safuna sipanala. Chipinda chimalowetsedwa mpaka kumapeto, chala n'kukhalabe pa swichi masekondi atatu mpaka asanu mota zitasiya kulira. Kenako chimatulutsidwa pang'ono, n'kulowetsedwanso chimodzimodzi, kangapo. Kabokosiko kalinso ndi tinyale tiwiri tonena vuto: kobiriwira kamasonyeza mota yake, kofiira kamaphethira mowerengeka kusonyeza chimene chalakwika. Kakaphethira kasanu ndiye kuti mota ikukoka mphamvu yopitirira muyeso. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo ndi pamenenso amakaniko apamsewu amasochera.

Iwo akaona chizindikiro chimenechi amati mota yafa. Amaitanitsa ina yotchipa pa intaneti, amaimanga, chipinda chimayenda kawiri katatu mwini akuonerera, ndalama n'kulowa m'thumba. Sadzifunsa chimene chinapha mota yoyambayo. Ena sayang'ana n'komwe ngati magiya a mkati mwa mota yatsopanoyo akufanana ndi a inzake, poti ilipo ya 300:1 ndi ya 500:1. Mota ya Schwintek inapangidwa kuti izikankha ndi kukoka, osati kunyamula. Kulemera konse kwa chipinda kuyenera kukhala pa timawilo ta pansi pake. Kawilo kamodzi kakasweka, kapena thabwa la pansi pa chipinda likawola n'kubonyoka pamene kawilo kamadutsa, chipinda chimatsika pang'ono n'kulendewera pa njanji. Magiya amayamba kudya aluminiyamu, ndipo tizinyenyeswa tonyezimira timaoneka m'munsi mwa mzati. Mota yatsopano ikaikidwa pamenepo imangodikira tsiku lake.

Mmisiri wodziwa amayamba ndi tepi. Amayeza mpata wa pakati pa khoma ndi mphepete mwa chipinda pa makona onse anayi, chipinda chili mkati, chili pakati pa ulendo, ndiponso chitatuluka chonse. Amayeza khomo lenilenilo mopingasa, kuchoka pa kona ya kumwamba kumanzere kufika ya kumunsi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikasiyana ndiye kuti thupi la kalavani lapotoka, ndipo kusintha zida sikungathandize mpaka chifukwa chake chitapezeka. Amaonanso ngati njanji ya kumwamba ndi ya kumunsi zikadali zotalikirana mofanana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chifukwa masikuluu ake amalowa m'khoma lopyapyala ndipo msewu wa mabampu umawakulitsira mabowo.

Kuchotsa mzati ndiye gawo lofuna mtima wautali. Chipinda chimatulutsidwa theka, n'kuchirikizidwa ndi jeke ndi thabwa lalikulu kuti kulemera kuchoke pa magiya. Kukweza kwake n'kwa pang'ono kwambiri, chifukwa kungopitiriza, denga la chipinda limakhula khomo. Mzati ukabwezedwa, giya ya kumwamba ndi ya kumunsi ziyenera kuluma njanji zawo pa dzino lofanana. Dzino limodzi lokha likaphonyeka, mutu wa chipinda umatsogola kapena kutsalira, ndipo kabokosi ka magetsi sikangakonze zimenezo ngakhale munthu atakanikiza swichi tsiku lonse, poti iko kamangodziwa kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja. Mmisiri amawerenga mano kuchokera kumapeto kwa njanji, amaika chizindikiro ndi pensulo, amalowetsa mzati, n'kuwerenganso. Mabowo okula saikamo sikuluu yonenepa n'kumati zatha. Amalimbitsidwa kaye kumbuyo kwake. Pa makina a mikono yamano nkhani yake ndi yomweyo koma yosavutirapo: shafuti yolumikiza mikono iwiri imamasulidwa, mkono wotsalira n'kusunthidwa dzino limodzi. Pa a zingwe, manati amamangidwa mosinthanasinthana mpaka zingwe zitakungika mofanana, ndipo chingwe chimene chayamba kusosoka sichikonzedwa, chimachotsedwa.

Ena mwa amisiri amene ali ndi magalaja lero anaphunzira ntchito kwa anthu amene anayamba kukonza makalavani zipinda zotuluka zisanafale, akalipentala ndi osula zitsulo a m'badwo wa mafelemu amatabwa. Ku Australia kuphunzira ntchito yamanja kumatenga zaka zitatu kapena zinayi, wophunzira akugawa nthawi pakati pa galaja ndi koleji ya TAFE, koma zimene zimakhalitsa m'mutu ndi za m'galaja. Akuluakulu amenewo sankalola mnyamata kugwira sipanala chipinda chisanayendetsedwe iye atatseka pakamwa. Ankamuimika kunja, dzanja lili pa khoma, kuti amve pamene mota yasintha kulira ndi pamene thupi lanjenjemera. Akafunsa chimene chavuta ankangomupatsa tepi ndi kapepala. Sikuluu iliyonse yochotsedwa inkabayidwa pa katoni pamalo ofanana ndi pamene yachokera, ndipo wosakaniza zazitali ndi zazifupi ankasesa galaja yonse madzulo, chifukwa sikuluu yaitali ikalowa pa malo a yaifupi imatulukira m'kati mwa kabati kapena kuboola waya. Ankanyansidwa ndi dirilo yamagetsi pomanga komaliza, ati dzanja limamva pamene sikuluu yagwira pomwe makina samva kanthu. Sankayamikira munthu pamaso. Ntchito ikakhala bwino ankangodutsa osanena kanthu, ndipo wophunzira ankadziwa kuti wakhoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ilibe njira yachidule.

Labala ndiye chinthu chimene mmisiri angachikambe mpaka dzuwa kulowa. Pakhomo pamakhala mitundu iwiri: lathyathyathya lopukuta khoma la chipinda chikamayenda, ndi lotupa lamphako lomwe limafinyika chipinda chikafika kumapeto. Labala labwino ndi la EPDM, lopirira dzuwa. Dzuwa la ku Perth pakati pa Disembala ndi Febuluwale, pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, limaumitsa labala lotchipa mpaka kung'aluka, ndipo kalavani yoimikidwa panja miyezi yambiri labala lake limamatirira kukhoma, mota n'kumavutika kulimatula. Kenako mvula ya mu Juni ndi Julayi imalowa pa ming'aluyo, imatsikira pansi pa chipinda, thabwa n'kuyamba kuwola mwakachetechete. Mota yofa mu Okutobala kawirikawiri inayamba kudwala pa labala chaka chathacho. Labala latsopano silikokedwa poika, chifukwa limadzabwerera n'kusiya mpata pa kona. La pamwamba limaphimba la m'mbali kuti madzi atsetserekere kunja. Ndipo lopukutalo liyenera kutembenuka lokha chipinda chikasintha kolowera. Likapindikira mkati limasanduka ngalande yolowetsa madzi. Amakaniko otchipa amangopaka silikoni mulu pamwamba pa labala lakufa. Silikoniyo imasiya mafuta oti chomatira china sichigwiranso, ndipo kuipala kumadya nthawi yochuluka kuposa kuika labala lenilenilo.

Girizi ndi mdani winanso. Mwini akamva kulira amathamangira kupaka njanji girizi, fumbi lofiira la kumpoto n'kumatirira, kusanduka phala lopala magiya. Njanji zimafuna kutsukidwa, ndipo kumene zitsulo zimakhulana kumafuna mafuta opopera ouma a PTFE, pang'ono pokha.

Pa mitengo ndiye pamakhala mikangano. Kasitomala amafika ataonera kale kanema pa YouTube, ali ndi dzina la chida choti chisinthidwe, ndipo amadabwa kuti akulipiritsidwa maola oyeza pamene palibe chatsopano chamangidwa. Kalavani anaigula ndalama zambirimbiri osatsutsa, koma mtengo wa labala amaukana. Ambiri amabwera kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, osadziwa kuti zida zina zimachokera kum'mawa kwa dzikolo kapena ku America, ndipo Perth ili kutali ndi konseko. Ena amabisa kuti anayendetsa chipinda munthu atagona pa bedi, kapena kuti botolo linagwera kuseri n'kutsekereza njira, koma njanji yopindika imaulula. Opanga nawonso ali ndi mbali yawo: ena amaika makina opepuka pa chipinda chachitali chosenza khitchini yonse, ndipo kabokosi ka magetsi amakabisa kuseri kwa kabati komwe dzanja silifika.

Chipinda chikakanira kunja munthu ali kutali, pali njira zongochilowetsera kuti afike ku galaja. Pa Schwintek, kabatani ka pa kabokosi kamadinidwa kasanu ndi kamodzi, kachisanu ndi chiwiri n'kugwiriridwa mpaka tinyale titaphethira, ndipo mota zimayenda popanda kuwerengerana. Zikakanika, sikuluu yogwira mota iliyonse imamasulidwa, mota n'kukwezedwa pang'ono kuti isiyane ndi shafuti, anthu n'kukankha chipinda mbali zonse ziwiri mofanana. Mota ziyenera kubwezedwa m'malo mwake ulendo usanayambe, kapena chipinda chitchingidwe ndi matabwa mkati, chifukwa ndi mota zomwezo zimene zimachigwira kuti chisatuluke pokhota.

Pansi pa chipinda chokhala ndi khitchini pamadutsa mapaipi a madzi, paipi ya gasi ndi mawaya, zonse zopindika ndi kutambasuka chipinda chikamayenda. Mmisiri amaziyendera ngati zapekesedwa, koma ku Western Australia mawaya a mavoti 240 ndi gasi amaloledwa kukonza ndi okhawo amene ali ndi ziphaso za ntchitozo. Kalavani isanaperekedwe, chipinda chimayendetsedwa kangapo pa batire lokha katundu wake ali momwemo, makona anayi aja amayezedwanso, kenako madzi a paipi amathiridwa padenga ndi m'mbali, chipinda chili kunja ndiponso chili mkati, munthu wina ali m'katimo ndi tochi kuyang'ana m'makona a pansi.