Mapasa a pakhomo pathu

Pakhomo pathu pali galimoto ziwiri za mtundu umodzi, Peugeot 504, zonse zoyera. Ana amazitcha mapasa. Abale ena kumzikiti amatifunsa ngati kumeneku si kuwononga chuma, kumene Chisilamu chimaletsa. Funsolo ndi lomveka.

Chikondi chilipo, sitikana. Kulira kwa injini zake timakudziwa ngati mawu a mwana. Komatu mtunduwu, umene unayamba kupangidwa ku France mu 1968, anasiya kuupanga, ndipo masipeyala ake amavuta kupeza. Zikawonongeka zonse, timamasula chitsulo kwa ina kuika kwa inzake, imodzi n'kudzuka. Choncho mayi woyembekezera akafunika kuthamangira naye kuchipatala ku Mangochi pakati pa usiku, Alhamdulillah, galimoto imapezeka. Odandaula ndi ana okha, poti amatsuka ziwiri Loweruka lililonse.