Mtundu wa Chipewa cha Josh Gibson

Josh Gibson anamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, patangotsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson avale malaya a Brooklyn Dodgers ndi kugumula mpanda umene unkatsekereza anthu akuda kunja kwa maligi akuluakulu a baseball ku Amereka. Anasiya mbiri yoyenda pakamwa ya mphamvu zake pomenya mpira ndi chibonga, komanso zithunzi zowerengeka za kamera, zakuda ndi zoyera.

Zithunzi zotere ndizo zinali poyambira pa Graig Kreindler, mmisiri wojambula ndi utoto wa ku New York. Mu Febuluwale 2020, nyumba yosungira mbiri ya Negro Leagues Baseball Museum ku Kansas City inaonetsa nkhope zoposa 200 zimene iye anajambula. Nthawiyo inasankhidwa dala. Panali patatha zaka 100 chichokereni pa 13 Febuluwale 1920, tsiku limene Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda mumzinda womwewo ndi kukhazikitsa Negro National League.

Kuthira utoto pa chithunzi chakale si kukongoletsa chabe ayi. Pa chithunzi chozilala, nkhope yakuda yokhala pansi pa mthunzi wa chipewa imasanduka mdima wokhawokha. Maso amasowa, makwinya amasowa. Wojambula ayenera kugamula yekha: kodi khungu ili linali lakuda bii kapena loderako? Kodi zilembo za pachifuwa zinali zofiira? Kreindler amafufuza m'manyuzipepala akale asanaviike bulashi, koma pamene pepala lakhala chete, dzanja lake ndilo limalankhula m'malo mwa wakufayo. Ndi udindo woopsa, pakuti mwana amene waona chipewacho pakhoma adzakhulupirira mtundu wake moyo wake wonse.

Utoto ulinso ndi chinyengo chake. Kadir Nelson, m'zithunzi za buku lake la 2008 lotchedwa We Are the Ship, zimene zinazungulira nyumba zambiri za zionetsero, anajambula osewerawa ngati ziphona zimene munthu amaziyang'ana chogada. N'zogwira mtima, ndipo amunawo anayenera ulemu wotere. Komabe woonerera akhoza kutuluka atakhuta kukongolako, osakumbukira kuti ziphonazi zinkagona m'basi chifukwa mahotela ankazikana, ndi kuti zina zinkasewera kangapo pa tsiku limodzi kuti zipeze ya ndiwo. Nkhope zing'onozing'ono za Kreindler sizikweza munthu motero. Zimangomuika maso ndi maso ndi mlendo, wotchuka pambali pa amene dzina lake laiwalika ngakhale kwawo.

Akuluakulu a masewerawa anasankha njira ya manambala. Mu Disembala 2020 bungwe la Major League Baseball linavomereza kuti maligi asanu ndi awiri a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi akuluakulu, ndipo mu 2024 zotsatira za osewera ake zinalowa m'kaundula. Gibson anapezeka pamwamba ndi .372, kupitirira .367 ya Ty Cobb. Chilungamo chochedwa, inde, komanso chodukaduka: masewero amene sanalembedwe bwino m'nyuzipepala sanawerengedwe, ndipo anali ambirimbiri.

Amene akanatha kuuza wojambula kuti walakwitsa mtundu akutha. Buck O'Neil, wosewera wa Kansas City Monarchs amene anathandiza kukhazikitsa nyumba ya mbiriyi mu 1990, anatisiya mu 2006. Willie Mays, amene ali mnyamata anasewerera Birmingham Black Barons mu 1948, anamwalira pa 18 Juni 2024, kutangotsala masiku awiri kuti matimu akuluakulu akasewere pa bwalo lake lakale la Rickwood Field pokumbukira maligi amenewo.