Njanji ya Gautrain Iyambe Kulowera ku Randburg

Achimwene,

Munafunsa za sitima imene inkanenedwa muli konkuno, ngati inafika ku Cosmo City. Sinafike, ndipo ngakhale dzenje limodzi silinakumbidwe. Chimene chilipo ndi mapu a boma la Gauteng, osonyeza kuti Gautrain idzatalikitsidwa ndi makilomita pafupifupi 150 ndi masiteshoni 19 atsopano. Pa mapuwo dera lathu lili pamphambano, ndiye nkhani imene yatenga malo m'matekisi ndi pambuyo pa mapemphero Lamlungu ndi yakuti njanji iyambe kulowera kuti.

Njira za mbali yathu ino ndi izi. Ina ichokera ku Little Falls, kudzera kwathu kuno, kukafika ku Randburg, Sandton ndi Marlboro, kumene ikakumane ndi njanji imene ilipo kale. Ina ipita ku Fourways, Sunninghill ndi Olievenhoutbosch mpaka ku Samrand. Ina ikwera kumpoto ku bwalo la ndege la Lanseria. Palinso yochokera ku Little Falls kutsikira ku Roodepoort mpaka ku Jabulani, ku Soweto.

Ine ndili kumbali ya Randburg, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa, poti msewu wa Malibongwe munauyenda. Munthu wogwira ntchito ku Sandton amadzuka kusanache, kuima pamzere, kukwera tekisi ya ku Randburg, kutsika parenki, kuimanso pamzere wina. Amalipira kawiri ndipo amadikira kawiri. Galimoto zikathithikana pamphambano ya Malibongwe ndi N1, kapena maloboti akazima, ola lathunthu limathera pamtunda woti munthu n'kuuyenda mphindi zochepa. Njanji ya ku Randburg ingadule ulendo umenewu pakati, ndipo ikafika ku Sandton ndi Marlboro munthu wapeza kale sitima ya ku Pretoria, ya ku Park Station ndi ya ku bwalo la ndege la OR Tambo.

Amene akufuna ya ku Fourways sindiwatsutsa mopepuka. Azimayi ambiri akwathu amagwira ntchito zapakhomo m'mipanda ya kumeneko, anyamata ali m'maluwa ndi pa ulonda. Koma nyumba za ku Fourways n'zomwazikana, ndipo wotsika pasiteshoni adzafunikabe tekisi ina kapena kuyenda pansi mtunda wautali kuti akafike pageti la abwana. Chimene chimandipweteka pa njira imeneyi n'chakuti Diepsloot palibe pa mndandanda wa masiteshoni, chonsecho n'kumene kumachokera khamu la anthu ogwira ntchito ku Fourways. Ya ku Lanseria ndiye idikire ndithu. Ikutsata mzinda watsopano umene sunamangidwe, pamene ife tilipo kale.

Komabe kusankha njira ndi theka chabe la nkhani. Gautrain inayamba kuyenda mu 2010, nthawi ya mpira wa dziko lonse, ndipo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Siteshoni ya Marlboro ili pakhomo penipeni pa Alexandra, koma anthu ambiri a ku Alexandra amakwerabe tekisi, chifukwa mtengo wa sitimayo sugwirizana ndi malipiro awo. Zikadzatero kunonso, sitima izidzangodutsa ife tikuiona. Nthawi yoyendera nayo ndi nkhani: panopa imaweruka 10 koloko ya usiku isanakwane, pamene ogwira ntchito m'malo odyera ku Sandton amakhala asanatsuke mbale. Mlonda woyamba ntchito 6 koloko m'mawa amafunanso sitima yolawirira kuposa ya anthu a m'maofesi.

Ndiye pali nkhani ya malo. Pakati pa Park Station, Rosebank, Sandton ndi Marlboro njanji inadutsa pansi pa nthaka, makilomita pafupifupi 15, ndipo nyumba za pamwamba zinatsala zili chilili. Kukumba pansi kumadya ndalama zambiri, choncho funso ndi lakuti adzakumbira ndani ndipo adzagwetsera ndani. Eni nyumba a ku Randburg ali ndi mabungwe awo ndi maloya, ndipo mawu awo amamveka. Kuno ambiri tikukhala m'zipinda zakuseli, za lendi. Nyumba ikagwetsedwa, chipukuta misozi chimapita kwa mwini wake, wa lendi amangonyamula katundu. Siteshoni ikamangidwa pafupi, lendi imakwera, ndipo amene anadikira sitima zaka zonsezi ndi amene amayamba kusamuka. Kumbukirani kuti Cosmo City inamangidwa kuti mukhale anthu ochotsedwa ku Zevenfontein ndi River Bend. Mabanja amenewa kusamutsidwa akukudziwa, ndipo mukatchula njanji ena amayamba afunsa kuti idutsa pa nyumba ya yani.

Eni matekisi nawonso asasiyidwe kunja. M'madera ena amayendetsa kale timabasi totengera anthu ku masiteshoni a Gautrain, ndipo kuno zidzafunika chimodzimodzi kuti wa ku Zandspruit, Kya Sand ndi Honeydew adzafike pasiteshoni mwamtendere.

Boma likaitanitsa maganizo a anthu pa mapu amenewa, Amalawi ambiri amakhala kunyumba, ati ndi za eni dziko. Ine ndikuwalimbikitsa kuti tizipita. Lendi timalipira, tekisi timakwera, ndipo wolemba madandaulo amawerenga amene abwera. Msonkhano wina ukaitanidwa ndikanena zitatu: ayambe ndi Randburg, mtengo ukhale woti wantchito zapakhomo n'kuukwanitsa, ndipo a lendi awerengedwe pamodzi ndi eni nyumba.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Cosmo City, Johannesburg