Denga silithera tsiku lokhoma malata

Ambirife tikangoyamba kulandira kamalipiro, loto loyamba limakhala kuchotsa udzu padenga la makolo kumudzi n'kuikapo malata. Timawerengera malata, matabwa ndi ya kalipentala. Misomali ndi mabawuti timangoti ndi tinthu ta chenje, chonsecho ndi timene timagwira denga mphepo ikalusa.

Kuwala kumene mumaona pa bawuti yatsopano ndi zinki. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa chitsulo chimene chili mkati. Vuto ndi loti pa mabawuti ambiri otchipa, zinkiyo ndi yopyapyala kuposa tsitsi. Hamala ikamenya mutu wa msomali, kapena sipanala ikamanga nati, imakalika. Mukadula bawuti kapena kuwotcherera, pamenepo chitsulo chimatsala pamtunda. Kakachepa, zinki ya m'mbali imakateteza kwa kanthawi, koma ikatha, dzimbiri limalowa.

Izi ndinaziphunzira pamene tinkakhoma denga la amayi anga. Kalipentala, bambo wachikulire ndithu, atatsika pamakwerero anati, "Achimwene, yanga yatha, yanu yayamba." Anandipatsa tsache kuti ndisese tizidutswa tachitsulo totsalira pamalata, chifukwa tikanyowa timachita dzimbiri n'kudetsa lata. Kenako tinapukuta mitu ya misomali ndi mabawuti kuti pasakhale fumbi kapena mafuta, n'kudontheza penti wokhala ndi zinki. Ataumiratu tinapakanso penti wamba. Pa mahinjesi a geti, pomwe penti sakhalitsa chifukwa chopekesana, tinapaka girizi.

Anandichenjezanso zinthu ziwiri. Feteleza akakoka chinyezi amadya chitsulo, choncho matumba ake asamatsamire geti kapena njinga. Matabwa ena othira mankhwala a chiswe amakhala ndi kopa, yemwe amamaliza zinki msanga, ndiye pamafunika misomali ya zinki wokhuthala.

Pano chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, ndimayendera dengalo. Ndikaona ufa woyera pamutu wa msomali, ndimadziwa kuti zinki ikudyeka koma ilipobe: ndimapukuta n'kupaka penti. Pakafiira, ndiye kuti chitsulo chagwidwa, ndimapala kaye ndi bulashi ya waya. Msomali wodyeka kwambiri ndimasinthiratu.

Ngati mumatumiza ndalama zomangira kumudzi muli ku Lilongwe kapena ku Joni, musamangopempha chithunzi cha nyumba yonse pa WhatsApp. Pemphaninso cha mitu ya misomali, chojambulidwa pafupi. Kachitini ka penti n'kotchipa kuposa lata limodzi.