Zaka za njinga zili m'mafupa mwake

M'mawa uliwonse, kusanayere bwinobwino, m'mphepete mwa msewu wa Malibongwe mumakhala mzere wa anthu opalasa njinga. Amachokera ku Cosmo City, ku Kya Sands ndi ku Zandspruit, kulowera ku Ferndale, ku Blairgowrie ndi kwina mu Randburg muno kumene kuli mipanda yamagetsi ndi kapinga wodikira womutchetcha. Ambiri mwa iwo ndi anzathu akumudzi. Mukaima nawo pa maloboti mumamva Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka. Njinga zawo n'zamtundu umodzi: ma mountain bike akale a matayala a mainchesi 26, amene eni ake oyamba anawakankhira kuseri kwa galaja itabwera fashoni ya matayala akuluakulu a 29. Ena anapatsidwa ndi mabwana awo, ena anagula m'mashopu a katundu wakale.

Pakati pa njinga zotuwazi pali zina zimene anthu akuzisaka, ndalama zili m'manja. Loweruka ku Delta Park, m'kanjira kotsata mtsinje wa Braamfontein Spruit, mumapezeka azibambo a imvi amene anakula akusirira njinga zomwezi m'magazini, ndipo lero ali ndi ndalama zoombolera unyamata wawo. Iwo amadziwa kuyang'ana felemu n'kutchula chaka chake. Wopalasa wa ku Cosmo City sadziwa, ndipo pamsika wosadziwa ndiye amalipira.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha alamu anga, amene amagwira ntchito yam'dimba ku Blairgowrie. Munthu wina anawaimitsa kawiri konse, kuwapempha kuti asinthane: iye atenge njinga yawo yopakidwa penti yakuda ya mageti, awapatse yonyezimira ya mashoko kutsogolo, awonjezere ndi R300. Alamu ndi munthu wa ku Dedza wosafulumira kuvomera kanthu. Anabwera nayo kunyumba kwanga.

"Alamu, inu mumawerenga za azungu," anatero. "Tandiuzani, chitsulo chakuda bii ngati ichi akuchifuniranji?"

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndipo mbali ina ya ntchitoyi ndi kudziwa msinkhu wa zolembedwa. Mukandipatsa tsamba lothothoka m'buku lopanda chikuto, n'kuona "cifukwa" m'malo mwa "chifukwa", ndimadziwa kuti mwina ndi la ku Zambia, mwina ndi lakale ngati Buku Lopatulika la 1922. Wolemba sanafune kundiuza chaka, koma kalembedwe kamuulula. Felemu ya njinga nayo ndi choncho. Amene ankaiwotcherera ankangotsata zimene zinalipo chaka chimenecho, ndipo zimenezo zinakhala pomwepo mpaka lero.

Mboni yoyamba kuitulutsa m'bwalo ndi penti, pamodzi ndi masitika. Sitika yolembedwa GT aliyense akhoza kumata. Koma GT yeniyeni, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imadziwika ndi kaimidwe: timapaipi tiwiri tochokera ku teyala lakumbuyo sitithera pa paipi ya chishalo ayi, timaipitirira n'kukagwira paipi yapamwamba, n'kusiya kampata ka ngodya zitatu pansi pa chishalo. Mayinanso amasokoneza. Kuno kuli njinga za kampani yotchedwa Avalanche, pomwe GT nayo ili ndi mtundu wake wina wotchedwa Avalanche, ndipo wogulitsa wochenjera sangakumasulireni kusiyana kwake.

Mukatero tengani maginito, ngakhale kaja kochokera mu sipika yakufa ya wailesi. Ikamata, felemuyo ndi yachitsulo. Ikagwa, kawirikawiri ndi ya aluminiyamu. Kenako yang'anani molumikizira mapaipi. Njinga zambiri za pakati pa zaka za m'ma 1980 mapaipi ake analowetsedwa m'timakolala tachitsulo, monga zinalili njinga za Humber ndi Raleigh za agogo athu. Pofika m'ma 1990 zambiri zinkangowotchereredwa paipi ku paipi, mzere wake wopyapyala pa chitsulo, wonenepa ngati ndalama zosanjikiza pa aluminiyamu.

Mboni yosanama kwenikweni ndi mabuleki, kapena ndinene malo amene mabuleki amamangidwa, poti mabuleki enieniwo anthu amasintha. Gadabuzani njingayo. Mukapeza tizitsulo tiwiri ta mabuleki akumbuyo tili pansi, kuseri kwa mapedulo, m'malo mokhala pamwamba kufupi ndi chishalo, mwagwira njinga ya pakati pa 1986 ndi 1988, mwina kupitirira pang'ono. Inali nyengo ya buleki yotchedwa U-brake. Opanga njinga anaithamangira onse nthawi imodzi, ndipo anaisiya onse nthawi imodzi ataona kuti pansi pamenepo ndi pomwe matope amaunjikana. Fashoni yopusa ndi mphatso kwa wofuna kudziwa zaka, chifukwa sikhalitsa.

Ngati tizitsuloto tili pamwamba, funani kachitsulo kena kakang'ono pakatikati, kuseri kwa paipi ya chishalo, kogwira waya wa buleki. Mabuleki akale a cantilever ankakokedwa kuchokera pakati, choncho kachitsuloko kankafunika. Mu 1996 Shimano inatulutsa V-brake, imene waya wake amalowera m'mbali, ndipo posakhalitsa mafelemu anayamba kutuluka opanda kachitsulo kaja. Mukaona timabowo tiwiri tomangira buleki ya disiki kumanzere kwa habu yakumbuyo, mwafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kapena kuposa apo.

Khosi la njinga nalo limayankhula. Zakale paipi ya foloko ndi ya inchi imodzi, ya mazinga, yomangidwa ndi nati yaikulu pamwamba. Cha m'ma 1990 inayamba kunenepa kufika inchi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 8, kenako mazinga anatha, chogwirira mahandulo chinayamba kumangidwa ndi mabawuti m'mbali. Gary Fisher anayesa yonenepa koposa, ya inchi ndi kota, mu 1989, koma sinafale. Amene ali nayo lero amavutika kupeza zosinthira. Kumbuyo, mpata wolowa habu unakula kuchoka pa mamilimita 130 kufika pa 135 m'zaka zomwezo. Lula ya mwana wasukulu imakwanira kuyeza.

Chimene chinandikoma mtima ine, munthu wa zilembo, ndi kachinsinsi ka Shimano. Kuseri kwa zipangizo zake, monga mkono wa pedulo kapena chosinthira magiya, amadinda zilembo ziwiri zing'onozing'ono. Choyamba ndi chaka, chachiwiri ndi mwezi. Chilembo A ndi 1976, ndipo mumawerenga motsatana: K ndi 1986, O ndi 1990, U ndi 1996, mpaka Z amene ndi 2001, kenako A ayambiranso mu 2002. Miyezi imayambira pa A, Januwale, kulekeza pa L, Disembala. Koma chipangizo chimodzi si umboni wokwanira, poti njinga ya zaka 30 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri. Pafunika ziwiri kapena zitatu zogwirizana, ndipo zigwirizanenso ndi zimene felemu ikunena. Kwathu mlandu sagamula ndi mboni imodzi.

Pa njinga ya alamu mboni zinagwirizana zonse. Mabuleki akumbuyo anali pansi. Magiya akutsogolo sanali ozungulira bwino, anali obulungira ngati dzira, aja a Shimano otchedwa Biopace, amene alamu ankayesa kuti anapindika pa ngozi. Titapukuta girizi ndi palafini, kuseri kwa mkono wa pedulo kunaoneka MC, kutanthauza Malichi 1988, ndipo pa chosinthira magiya panali LK, Novembala 1987. Titayang'ana paipi yapansi mopendeketsa padzuwa, pansi pa penti yamageti panatukuka mthunzi wa zilembo: Diamond Back, mawu awiri olekana, monga ankalembera masiku amenewo asanawaphatikize kukhala amodzi.

Njinga zamtunduwu zinabadwira ku Marin County ku California, kumene achinyamata ankathamangitsa njinga zakale kutsetsereka mapiri m'zaka za m'ma 1970. Yoyamba kupangidwa mochuluka inali Specialized Stumpjumper mu 1981, ndipo mafelemu ake ankapangidwa ku Japan. Ndalama ya Japan itakwera mphamvu kuyambira 1985, ntchito yambiri inasamukira ku Taiwan, kwawo kwa Giant ndi Merida. Ndiye dzina likhoza kukhala la ku America, chitsulo cha ku Japan, wowotcherera wa ku Taiwan, wogula woyamba wa ku Randburg, wopalasa lero wa ku Dedza.

Tsono apa ndi pamene ine ndi azibambo a ku Delta Park timasiyana. Kwa iwo 1988 ndi chuma. Kwa alamu, amene ankafuna njinga yoti atumizire mwana wawo wa ku sekondale yoyendera, 1988 ndi vuto. Buleki yapansi ija ingatsekeke ndi matope a Febuluwale isanafike pamsewu wa tala, ndipo tizitsulo take sitilola V-brake imene imapezeka pamsika uliwonse kwathu. Koma yonyezimira imene ankafuna kuwasinthanitsa inali yoipa koposa. Inali ya aluminiyamu, ndipo wowotcherera wa pa trading centre, amene amalumikiza makasu ndi mawindo, aluminiyamu sangaigwire, ikang'aluka yatha. Mashoko otchipa nawo akafa amangolemeretsa njinga.

Mukandifunsa ine, njinga yoyenera ulendo wakumudzi ndi ya pakati pa 1992 ndi 1997: felemu yachitsulo, foloko yopanda mashoko, mabuleki apamwamba, matayala a 26, ndi timabowo tomangira keliyala pafupi ndi habu. Timabowoto musatipeputse. Njinga yopanda keliyala kwathu ndi chidole. Siinyamula thumba la feteleza, siipititsa wodwala kuchipatala.

Alamu anagulitsa Diamond Back ija kudzera pa Facebook, ine nditawalembera chaka ndi zilembo zonse m'Chingerezi. Ndalama zake zinagula njinga yachitsulo ya 1995, matayala awiri atsopano, n'kutsalako yolipira wonyamula katundu. Inakwera ngolo yokokedwa ndi basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kukalowera pa chipata cha Dedza. Ndi ulendo womwe njinga zakhala zikuyenda kuyambira kale. Agogo anga aamuna anabwera ndi Raleigh kuchokera ku migodi m'masiku a Wenela, boma la Kamuzu lisanaimitse ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974, ndipo mudzi wonse unkabwereka njingayo pa matenda ndi pa maliro.

Pali chinthu chimodzi pa felemu chimene chimaposa zaka kufunika kwake, ndicho nambala yodindidwa pansi, pamene pamadutsa chitsulo cha mapedulo. Makampani ena anabisa chaka m'nambala imeneyi, aliyense mwa njira yake, ndipo okonda njinga zakale amakangana nazo usiku wonse pa intaneti. Kwa ife nkhani ndi ina. Mukapeza pamalopo papalidwa ndi fayilo kapena chopukusira, pali mabala owala kapena penti yokhuthala pamalo amodzi okha, isiyeni njingayo ngakhale mtengo ukome bwanji. Ndi yakuba. Lamulo la kuno la katundu wogwiritsidwa kale ntchito, la 2009, limafuna kuti shopu ilembe amene wabweretsa katundu ndi zizindikiro za katunduyo, choncho wogula m'shopu asachoke wopanda lisiti yokhala ndi nambala ya felemu. Wogula pamsewu alibe chomuteteza.

Ndipo mlendo wakuda wopalasa njinga ya dzina m'misewu ya mipanda yamagetsi amafunsidwa mafunso amene mwini wake woyamba sanafunsidwepo. Kwa munthu amene masiku a mu pasipoti yake anatha, funso la njinga silithera pa njinga. N'chifukwa chake anzathu amene mabwana awo awapatsa njinga ndimawalembera kakalata koti bwanayo asayine. N'kakafupi: dzina la wopereka ndi foni yake, dzina la wolandira, tsiku, mtundu wa njinga, penti yake, ndi nambala ya felemu yokopedwa bwino, chilembo ndi chilembo, poti 0 ndi O pa chitsulo chadzimbiri zimafanana. Kalatayo amaijambula pa foni, ndipo pepala lenilenilo amalipinda m'kapulasitiki n'kulilowetsa m'paipi ya chishalo, kumene mvula siifika.